Msewu wa a Disi

Tsiku limenelo kudimba tinalipo anthu asanu, ndipo ndiwatchula onse mayina, kuti wina asadzanene kuti Che Kassimu wapeka nkhani. Panali a mjomba anga Che Amadu, alongo awo a amayi, mwini mbumba komanso woyang'anira madimba onse a banja lathu m'mbali mwa Shire, kumunsi kwa boma la Mangochi. Panali akazi awo, Abiti Selemani, khasu lili paphewa, pakamwa posatseka. Panali mwana wawo Twaibu, msuweni wanga, wondiposa ndi chaka chimodzi. Panali Filipo, mwana wa msodzi, Mkhristu, amene sanaitanidwe ndi munthu koma ankapezeka paliponse pamene pali zoonera. Wachisanu ndinali ine, wa zaka khumi ndi ziwiri, nditangotuluka kumene ku jando, ndikudziona ngati bambo wandevu. Amayi anga kunalibe. Anali kunyumba ndi chilonda cha pamwendo chimene chinawagoneka miyezi yambiri. Akanakhalapo, nkhani ino sikanakhalapo.

Ife tinali alendo kwathu komwe. Ndinabadwira ku Chowe, kumapiri, kwawo kwa abambo. Abambo atapita ku Joni n'kuleka kutumiza makalata, amayi anatitenga ine ndi mlongo wanga wamng'ono kubwerera kwawo kumtsinje. Tinkadya za a mjomba. Abiti Selemani sankatimana, ayi, ndisawanamizire ali kumanda, koma akamagawa ndiwo ankayankhula ndi poto mokweza kuti, "Pakamwa pawonjezeka patatu, makasu ndi omwe aja." Amayi ankangoyang'ana pansi.

Nchifukwa chake m'mawa umenewo, madzi ataphwa m'madimba, a mjomba anandiitana pamaso pa anthu amene ndawatchulawa. Anandiyezera malo ndi mapazi awo, n'kuzika bango m'makona anayi.

"Apa ndi pa amayi ako," anatero. "Iwo sangalime, ulima ndiwe. Madzi asanabwerere undibweretsere dengu limodzi lodzaza. Ukatero malowa ndi anu mpaka kalekale. Ukalephera, malowa atenga Twaibu, iwe ndikupereka kwa asodzi a ku Malombe uzikakoka khoka, uzidya komweko."

Ku Malombe ndinali nditamva za kumeneko. Anyamata opita kukakoka khoka ankatha chaka osaona amayi awo. Ndinayankha mokweza mpaka akakowa anauluka m'bango: "Dengu limodzi? Konzani atatu!"

Mawu angawa ndinabadwa nawo, ndipo sindichita nawo manyazi. Ku Chowe ndinkalondera chimanga pansanja, ndikakuwa kamodzi anyani a phiri lonse ankathawa, ena mpaka kuiwala ana. Lero lomwe magetsi akazima kumzikiti, a shehe safunafuna batire, amangoti itanani Che Kassimu. Ndiye ndili mwana ndinkadziwa chinthu chimodzi chokha pa nkhani ya zilombo zam'munda: chilombo chimathawa mawu.

Malo amene anandipatsawo anali a mchenga wochuluka, otuwa. Koma pambali pake, pakati pa malo anga ndi dimba la a mjomba, panali kachigawo ka dothi lakuda bii, kotambalala ngati mikono iwiri, kochokera m'bango kumtsinje n'kukwera molunjika mpaka kutchire. Panalibe wolimapo. Udzu wake unali wobiriwira kuposa wina uliwonse. Mbali zonse ziwiri kunali ngalande. Ya mbali ya a mjomba inali yakuya, yosemedwa bwino, ya mbali yanga inali itagumuka n'kumera zitsamba. Ndinaloza ndi khasu.

"Nanga apa ndi pa yani?"

"Apo usakhudze," anatero a mjomba akutembenuka kuti azipita. "Ndi msewu wa a Disi."

A Disi amene ine ndinkawadziwa anali mmodzi, mzungu wa ku boma, wa kabudula woyera ndi chipewa. Ndinamuonapo kamodzi akudutsa pa galimoto. Akuluakulu atachoka ndinafunsa anzanga aja.

"Iwe Twaibu, a Disi anayamba afikako kuno?"

"Chaka chilichonse," anatero Twaibu, nkhope ili gwa.

"Pa galimoto? M'matope muno?"

"Wapansi," anatero Filipo. "M'galimoto sangakwanemo. Ndi onenepa, achimwene, simunaone."

"Amadzatani kudimba?"

"Kudzatenga msonkho wa chimanga. Lisiti sapereka."

Anagwa pansi onse awiri, kuseka mpaka misozi. Ine ndinaseka nawo, poyesa kuti tikuseka kunenepa kwa mzungu. Masiku amenewo dziko linali litatentha, akuluakulu akuimba kuti azungu azipita kwawo. Ndinati mumtima: dothi la makolo a amayi anga, lakuda chonchi, lizikhala gone kudikira nsapato za mlendo? Ayi, zimenezo zichitikire ena, osati ine.

Amayi anandipatsa mbewu zimene anachoka nazo ku Chowe, zosungidwa m'chikho ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowemo: chimanga chamakolo ndi nthanga za maungu. Anandiuza kuti zina kulibe, ndizisamale ngati maso. Ndinangowauza kuti andipatsa malo abwino. Za msewu sindinatchule.

Ndinayamba ndi ngalande yogumuka ija. Ndinaikwirira yonse, kuisalaza, kuti malo anga ndi msewu zikhale munda umodzi. Ndinagawa mbewu patatu. Magawo awiri ndinabzala, ndipo zonenepa zonse ndinaika pa dothi lakuda lija. Gawo lachitatu ndinabweza m'chikho, osati chifukwa cha nzeru, koma malo anatha.

A mjomba anabwera chimanga chitamera. Anaima, kuyang'ana, kukanda ndevu.

"Kassimu, ndinati chiyani za msewuwu?"

"A Disi akabwera ndiyankhula nawo ndekha," ndinatero. "Chizungu sindidziwa, koma amva."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayamba kuseka, kuseka mpaka chifuwa chinawagwira, n'kuchoka akutsokomola. Abiti Selemani ndinawamva akunena kuti, "Muuzeni mwanayo, mbewu zikupita pachabe," koma a mjomba anati, "Walirira nyanga ya nsatsi, imufotere yekha." Mpaka lero ndimati pamenepo analakwa. Kuphunzitsa mwana n'kwabwino, koma mbewu zinali za munthu wodwala. Ndinadzawauza zimenezi nditakula, ndipo sanakane.

Ndinagwira ntchito, anthu inu. Ndinakumba chitsime changa kumunsi, n'kumatunga ndi ndowa yobooka imene ndinaitseka ndi sanza ndi phula. Mmawa ndowa makumi atatu, madzulo makumi atatu. Mapewa anatupa, kenako analimba. Chimanga cha pamchenga chinkakula mokakamiza, koma cha pamsewu, wallahi, chinali chakuda masamba, chonenepa ngati nzimbe. Anthu opita kumtsinje ankaima n'kumagwedeza mitu, ine ndinkayesa akusirira. Ndinkawakuwira ndili patali: "Onani ulimi wa ku Chowe! Inu a kumadzi mumadziwa nsomba zokha!" Mudzi wonse unkadikira.

Dzuwa litakula, udzu wa m'mbali mwa mtsinje utauma, m'mawa wina ndinafika ndi ndowa yanga n'kupeza munda kulibe. Chimanga chinali chitafika m'chiuno dzulo lake. Tsopano chinali chometedwa pansi ngati ndi chikwanje, cha pamsewu ndi cha pamchenga chomwe. Maungu anali ophwanyidwa, ofinyidwira m'matope. Pansi panali mapazi aakulu ngati mbale, a zala zinayi, ozama mpaka bondo langa, ndipo zitsamba za m'mbali zinali zopakidwa ndowe ngati wina wawaza ndi tsache. Fungo lake linali la udzu wowola. Ndinathamangira kumudzi ndikukuwa, "Njovu! Njovu kudimba!"

Anthu anatuluka, amayi ena ndi misi m'manja. Atamva kuti ndi kudimba kwanga, phokoso la kuseka linamveka mpaka kutsidya. Twaibu ndiye anafuula: "Si njovu iyo, a Disi afika! Mwayankhula nawo?"

Apo m'pamene ndinadziwa kuti a Disi ndi mvuu. Inali yamphongo, yokalamba, yokhala yokha pa dziwe la kumunsi, ndipo anthu anaipatsa dzinalo chifukwa inkatenga zake osapempha. Udzu ukatha kumtsinje inkakwera kukadya kutchire, njira yake yomweyo, chaka ndi chaka. Dothi lakuda lija linali lakuda ndi ndowe zake. Ine mwana wa kumapiri mvuu ndinali ndisanaionepo kumtunda.

Amayi atamva sanandimenye. Akanandimenya bwenzi zili bwino. Anangofunsa kuti, "Chikho chatsala ndi zingati?" Nditawaonetsa anaziwerenga ndi chala m'phulusamo, n'kunena kuti, "Izi ukataya, ndiye kuti Chowe yatha, ndipo iwe ukupita ku Malombe." Anatembenukira kukhoma.

Mwina mukuyesa kuti ndinachoka pamsewupo. Simundidziwa. Ndinati mvuu ndi nyani wamkulu basi. Chimanga china chinali chitayamba kuphukiranso, ndiye ndinadula minga ya mthethe, kukoka mpaka manja kuchucha magazi, n'kutseka pamene msewu umatulukira m'bango. Kutacha minga inali yopondedwa ngati mphasa. Ndinamanga zitini pa chingwe. Zitini ndinazipeza zili fwaa, chingwe chitapita ndi a Disi. Tsiku lina masana ndinapita pa dziwe pomwepo, kuima pa chulu, n'kuitukwana ndi mawu anga onse, aja othamangitsa anyani. Inatulutsa maso ndi makutu okha, kupukusa timakutu take, kundiyang'ana. Kenako inayasamula, mano ngati mipini ya makasu, n'kuyankha: hoo-ho-ho-ho! Chulu chinanjenjemera pansi pa mapazi anga. Kuyambira kubadwa kwanga aka kanali koyamba kupeza wondiposa mawu.

Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti chimanga cha a mjomba, phazi limodzi lokha kuchokera pamsewu, chinali chilili, tsamba ngakhale limodzi losadyedwa. Ndinafunsa Twaibu. Anati bambo ake anakwirira mankhwala olembedwa ndi a shehe m'botolo. Ndinataya masiku awiri kufukula m'makona mwa dimba lawo mobisa, kufuna botolo. Ndinapeza nkhanu yokha, n'kundiluma. Kufunsa a mjomba eni ake, icho ndiye sindikanachita. Munthu amene ananena kuti konzani madengu atatu angapite bwanji kukafunsa?

Ndiye linafika tsiku lija. Ndinatuluka kumzikiti titaswali subuhi, swala ya m'bandakucha, n'kulunjika kudimba kunja kutangoyera. Ndinaima pakati penipeni pa msewu, nkhope kumtsinje, ndikuzika zikhomo zatsopano. Ndinkayesa kuti a Disi anabwerera kale m'madzi. Ndinangomva kupuma kumbuyo kwanga, ngati mvukuto ya wosula makasu. Potembenuka, ndi iyo, ikutsika kuchokera kutchire, itachedwa kodya, thupi lili ngati nkhokwe yogwa chammbali. Ine ndinali pakati pa iyo ndi madzi ake. Mwana aliyense wa kumtsinje amadziwa kuti pamenepo saima munthu. Ine ndinakweza khasu m'mwamba, kudzaza chifuwa, n'kukuwa monga ndinkachitira pansanja ku Chowe.

Sinaime. Inatsitsa mutu n'kuyamba kuthamanga. Amene amati mvuu ndi yolemera siithamanga sanaime pamene ndinaima ine.

Filipo anali m'bango akuonjola mono wa bambo ake. Sindinamuone akubwera. Ndinangomva wandigunda m'nthiti, tonse awiri n'kugubudukira m'ngalande ya a mjomba, iye pamwamba ine pansi, nkhope yanga itayang'ana kumwamba. Ndipo zimene ndinaona ndili chigonere m'menemo ndizo ndikufuna muzimve bwino. Mvuu inatitsata. Inafika m'mphepete mwa ngalande, pamwamba pathu penipeni. Ndinaona phazi lake likutulukira pamwamba, dothi likugumukira m'maso mwanga. Linalendewera pamenepo, likufufuza popondapo. Ndinaona mimba yake, yotsala pang'ono kukhudza pansi, ndi timiyendo take, tatifupi ngati mitondo. Phazi lija linabwerera. Inafwenthera, kutiwaza mamina, n'kutsika ndi msewu wake mpaka tinamva khuvuu m'madzi.

Filipo anadzuka pakamwa pali magazi. Dzino lake lakutsogolo linali litathyokera pa chipumi changa, chipsera chake ndi ichi ndili nacho. Analavula n'kunena kuti, "Achimwene, Chizungu chanu sanachimve."

Ine sindinaseke. Ndinali chikhalire m'ngalandemo, ndikuyeza khoma lake ndi thupi langa. Linandifika m'chiuno, lowongoka ngati khoma la nyumba. Mankhwala a a mjomba anali amenewo. Botolo kunalibe. Ndipo ngalande ngati yomweyo, ya mbali yanga, ndinaikwirira ndekha ndi manja anga, ndikuimba nyimbo.

"Bwanji simunandiuze?" ndinamufunsa.

"Mumafunsa inu? Mumangouza anthu."

Masiku atatu otsatira sindinagwire khasu. Ndinkakhala pa chulu ndi Filipo, chete, kuyang'ana a Disi. Kukhala chete kunandivuta kuposa kutunga madzi. Filipo ankanditsina ndikangotsegula pakamwa. Ndinaona kuti ikafuna kutuluka kukaothera dzuwa siikwera pa gombe loima, imazungulira kufuna potsetsereka. Ndinaona mbalame zikuyenda pamsana pake iyo osazilabadira, ng'azi ikudutsa pamphuno pake osaichita kanthu, koma bwato likangolowa pakati pa iyo ndi madzi akuya, makutu ankaima. Ndinaona kuti si chilombo cholusa pachabe. Chimafuna njira yake ndi madzi ake, basi. Ndinapitanso kukayeza ngalande ya a mjomba ndi bango, kuya kwake ndi kutambalala kwake, iwo kulibe.

Tsiku lachinayi ndinazula zikhomo zanga zonse pamsewu. Chimanga chophukira chija ndinachisiya, ndinati chimenecho ndi msonkho, adye. Ndinayamba kukumba kuchokera m'bango kukwera kumtunda. Dothi la pamwamba linali lofewa, la pansi linali makande ouma, khasu likamenya linkalira ngati lagunda mwala. Matuza anatuluka, kuphulika, kutulukanso. Ndinakulunga manja ndi sanza za chitenje cha amayi. Twaibu ankabwera kudzakhala pamwamba akudya bwemba, n'kumati, "Mukukumba manda a yani, a ku Chowe?" Sindinamuyankhe, ndipo iye anadabwa kwambiri ndi kusayankhako kuposa ngalandeyo. Filipo ankabwera akamaliza za mono, kudzakoka dothi ndi lichero lakutha. Anandiuza kuti dothilo ndiziunjika mbali ya munda wanga, kuti khoma litalike kawiri. Imeneyo inali nzeru yake, ndimupatse zake.

Masiku khumi ndi limodzi. Ndinkawerenga pomanga mfundo pa luzi, poti sukulu ndinangoinunkha. Ndinazunguliranso kumtunda ndi kumunsi kwa malo anga kuti pasakhale polowera. Tsiku lomaliza a mjomba anabwera, kutsikira m'ngalandemo, kuyenda kuyambira kumunsi mpaka kumtunda, akugunda khoma ndi chidendene. Potuluka anati, "Wakuuza ndani?"

"A Disi," ndinatero.

Anagwedeza mutu. "Mvuu saitsekera njira, amaipatsa njira. Agogo ako anakumba pomwepa. Koma nthawi yatha, mwana wa mlongo wanga. Mitambo ija waiona?"

Ndinali nditaiona. Ndinabzala mbewu za m'chikho tsiku lomwelo, zonse, pamchenga paja. Koma mchengawo sunalinso wotuwa. Mmawa uliwonse ndinkadumphira pamsewu ndi lichero, dzuwa litakwera ndithu, nditayang'ana kaye kumtunda, kukatola ndowe za a Disi n'kudzathira m'mapando. Anandidyera chimanga, ndiye anandilipira manyowa. Mmawa uliwonse mapazi ake ankaoneka pamsewu, atsopano, kukwera ndi kutsika, nthawi zina ofika m'mphepete mwa ngalande yanga n'kubwerera. Ndinkawayang'ana ngati mmene ophunzira amawerengera nyuzipepala.

Mvula inagwa, Shire n'kuyamba kukwera. Chitsime changa chinamira. Madzi analowa m'ngalande, kenako m'mizere ya kumunsi. Ndinadikira tsiku limodzi, awiri, asanu, ndikufinya njere ndi chikhadabo kuona ngati zakhwima, madzi akundifika m'akakolo. Tsiku limene anafika m'mawondo ndinathyola zonse. Sizinali madengu atatu. Dengu limodzilo silinadzaze bwino. Mondokwa ndi maungu anayi zinalekera zala zinayi kuti zifike pamlomo. Ndinathyola nkhwani n'kuunjika pamwamba mpaka phiri, n'kusenza kupita kwa a mjomba, mudzi wonse ukuona.

Abiti Selemani analowetsa dzanja m'dengumo. "Awa ndi masamba awa. Pansi pali mphako."

A mjomba anayang'ana dengu, kuyang'ana manja anga. Anafunsa akazi awo kuti, "Nkhwani sitidya pakhomo pano?"

"Timadya."

"Ndiye dengu ladzaza."

Ananditumiza nalo kwa amayi. Iwo anasankha ngala zisanu zokhwimitsitsa za chimanga, osalola munthu kuziotcha, n'kuzipachika pamwamba pa moto kuti ziume. Ku Malombe sindinapite.

Malo amenewo tikulima mpaka lero. A mjomba anapita, Abiti Selemani anapita, Twaibu tinamuika zaka zapitazo, ndipo anandiseka za a Disi mpaka pa bedi la kuchipatala. Tatsala ine ndi Filipo. Iye maso achita khungu pang'ono, mano ena onse anatsatira lija loyamba. Lachisanu ndikatuluka ku Juma amabwera pa kabaza, Lamulungu akaweruka ku tchalitchi amabweranso, timakhala pa chulu chomwe chija kuyang'ana mtsinje. Ine ndimamuuza zimene ndikuona, kuti nkhwazi yatenga nsomba, katumbu wadutsa, iye amandiuza zimene akumva, poti makutu ake ndi akuthwa kuposa anga. Amati anga ndinawagonthetsa ndekha. Mvuu zatsala zochepa. Mwezi ukhoza kutha osaona ngakhale makutu.

Chimene ndikudziwa tsopano ndi ichi. Mawu amathamangitsa chokhacho chimene chimakuopa kale. Chimene sichikuopa, khala pansi uchiyang'ane mpaka uone pamene pali pofupika pake, kenako ugwire khasu. Ndipo kusiyira wina njira si kugonja. Ine sindinagonje kwa mvuu, amene akunena zimenezo abwere tikambirane. Tinagawana malire, iyo kwake ine kwanga, ndipo malirewo ndinakumba ndine.

Chaka chino nkhani ya msewu inabukanso, ndi mwana wanga Yusufu. Iye ndi amene akuyendetsa dimba tsopano. Anagula pampu ya dzuwa, amalima kabichi, tomato ndi letesi, n'kumakagulitsa kumahotela a ku Makokola. Ndi mlimi, sindimunyoza. Koma anabwera kudzandiuza kuti akufuna kukwirira ngalande ndi kubzala pamsewu.

"Bambo, kutchire kumene inkapita mvuu yanuyo kuli nyumba za malata ndi bwalo la mpira. Ikadya chiyani, golo? Zaka zingati isanakwere apa? Dothi labwino likungogona."

Ndinamva mawu anga omwe akutuluka m'kamwa mwa mwana wanga. Ndinamuuza kuti madzi saiwala khwawa, mvuu nayonso siiwala msewu, ndipo tsiku limene idzakwere idzapeza adzukulu anga akuthirira kabichi pakati pa iyo ndi mtsinje. Anati zimenezo ndi zakale. Ndinakweza mawu, anthu a m'madimba oyandikana anaimika makasu. Iye anangoti, "Ngalande yanuyo yagumuka kale, ngakhale mbuzi ikudumpha. Loweruka ndibwera ndi aganyu." Anakwera njinga yake n'kupita.

Zoti yagumuka sananame. Msana unandiletsa kuikonza zaka zitatu. Ndiye Lachiwiri m'mawa ndinatenga khasu, kutuma kabaza kukatenga Filipo, n'kuyamba kuchokera m'bango monga kale. Filipo anakhala pamwamba ndi ndodo yake, akuyeza kuya poigwetsera pansi, n'kumati, "Onjezerani, achimwene, apa ngakhale ine ndingawoloke." Lachiwiri ndinakumba mikono isanu, Lachitatu inayi. Lachinayi masana ndinafika pofika m'chiuno, ndipo pofuna kuwongoka msana unakana. Ndinakhala pansi m'matope. Kutuluka kunakanika. Filipo anandipatsa ndodo kuti andikoke, n'kutsala pang'ono kugweramo nayenso. Ndinamuletsa kuitana anthu. Iye anati, "Chabwino, ndiitana mvuu," n'kuyamba kukuwa ndi timawu take ta nkhuku yachitopa mpaka Yusufu anamva ali ku pampu.

Anabwera akuthamanga, kudumphira m'ngalandemo, kundinyamula ngati thumba la feteleza n'kundikhazika pamthunzi. Anandimwetsa madzi, kunditsuka matope kumaso ndi malaya ake. Anaona matuza m'manja mwanga. Ndinadikira kuti akalipe, ndipo yankho ndinali nditalikonza kale. Sanakalipe. Anayenda m'mbali mwa ngalande kuchokera m'bango mpaka pamene ndinalekera, kuyang'ana kumtunda kumene kunatsala, kenako anabwerera kudzaima patsogolo panga n'kutambasula dzanja.

"Bambo, ine mvuu sindinaionepo ikukwera apa, ndipo sindikhulupirira kuti idzakweranso. Koma inu ndakuonani. Bweretsani khasulo, mundiuze pofika."